Padi ya Apongozi m'Balani la Fodya

Pa pulazi ya fodya pomwe ndinakulira, kufupi ndi Karoi, anthu amanditchula kuti injiniya. Kwa zaka zambiri ndinkavomera dzinali ndi mtima wonse, osazindikira kuti ena ankalitchula akutsinana. Uinjiniya wanga ndi wa zinthu zomwe dziko linasiya kale: magemu akale olumikiza ku tivi, a makaseti achikasu aja, ndi zogwirira zake za mabatani zomwe ife timangoti mapadi. Ana a m'tauni anasamukira pa mafoni kalekale. Ku komboni kwathu, komwe ngakhale ndowa yobooka imapatsidwa ntchito ina, magemuwa akadalipo, ndipo akadwala amabwera nawo kwa ine.

Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu. Anandilera ndi agogo, mayi awo a mayi anga, omwe anachoka ku Malawi ali mtsikana potsatira mwamuna wodzagwira ntchito ya fodya. Agogo ankakazinga mandasi n'kumagulitsa pakhomo la shedi, ankafwenkha fodya wa m'mphuno, ndipo akandiona nditakhala duu pakona ankati ndikuoneka ngati mphaka wodikira kuti wina agwetse nyama. Sankanama. Ndinali mwana wa maso, pakamwa pokha ndiye panali paulesi. Ana a folomani atawagulira gemu, ine sindinkapempha kusewera nawo. Padi inkafika m'manja mwanga ikawonongeka, poti apo m'pomwe ankandiponyera. Motero anzanga anaphunzira kusewera, ine ndinaphunzira kutsegula, ndipo mpaka lero palibe mwana pa pulazi pano amene sangandigonjetse.

Matenda a mapadi si ambiri. Kawirikawiri waya amaduka m'kati, pamalo pomwe chingwe chimalowera, chifukwa munthu akaluza amakoka padi ngati ndiyo yamulakwira. Umayatsa gemu n'kumapinda chingwecho pang'onopang'ono, ndipo pomwe kanthu ka pa tivi kadzidzimukire m'pomwe paduka. Nthawi zina timphira ta kunsi kwa mabatani timatha kadontho kake kakuda, ndiye umadetsapo ndi pensulo kapena kumatapo kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Kaseti ikamaonetsa mizeremizere aliyense amaiuzira ndi pakamwa, zomwe zimangoithira malovu; ine ndimapukuta mano ake ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Poyamba ndinkalumikiza mawaya ndi msomali wotenthetsa pa mbaula, mpaka ndinadzapeza chowotcherera cha pa batire.

Koma matenda athu enieni, omwe amisiri a ku Harare sangawadziwe, ndi utomoni wa fodya. Munthu akachoka kothyola masamba, manja ake amakhala ndi utomoni wakuda womata, wosachoka ndi madzi okha. Akagwira padi, utomoniwo umalowa m'mphepete mwa mabatani, umakumana ndi fumbi, ndipo tsiku lina batani limalowa osatulukanso. Pa matenda amenewa ndinkadziona ngati dokotala wamkulu, ngakhale mankhwala ake ndi sopo basi.

Ntchito yanga yeniyeni inali ya mu shedi, yosankha fodya wouma molingana ndi mtundu ndi kutalika kwake. M'menemo ndi momwe ndinamuonera mkazi amene ndili naye pano. Iye ankamanga ndindi pa tebulo loyang'anizana ndi langa. Ndinamuyang'ana nyengo yonse ya fodya osanena kanthu, mpaka tsiku lina anabwera yekha kudzandifunsa ngati ndili ndi cholinga kapena ndimavutika maso. Ndinati ndili ndi cholinga. Anati ndikauze agogo, asaonenso zomangomuyang'ana.

Agogo anatuma mkulu wina wa kutchalitchi kwathu kuti akhale nkhoswe yanga, popeza ndinalibe malume kapena mchimwene woti n'kundiyankhulira. Mkuluyo anapita, anakafotokoza zonse mwaulemu, ndipo anabwera ndi yankho la mawu amodzi: amva. Mwezi unatha, wina n'kuyamba, yankho likadali lomwelo. Bambo a mtsikanayo anali madala oopedwa, omwe anakhala kapitawo wa mabalani owotchera fodya kwa zaka zambiri asanapume, munthu wosaseka ndi anyamata. Zonong'onezana za pa mjigo zinkati nkhawa yawo inali pawiri. Choyamba, banja likadzavuta adzakhala pansi ndi ndani, poti kuchimuna kuli nkhalamba imodzi ya mandasi. Chachiwiri, anamva kuti ine, mwamuna wandevu, ndimathera Lamlungu ndikuseweretsa zidole za ana. Ndinkadziwa kuti akangonena kuti ayi, mtsikanayo sangawadutse, ndipo ine ndidzapitiriza kumuyang'ana kutsidya la tebulo mpaka wina adzamutenge.

Lachiwiri lina m'mawa, mtsikanayo anaika kajumbo pa tebulo langa, pakati pa masamba. Anati bambo ake amva kuti ndimakonza zoterezi, ndipo akufuna chinthuchi chikhale chitachira pofika Lamlungu. M'kajumbomo munali padi yotuwa, yakale kwambiri. Anandifotokozera monong'ona kuti gemuyo inali ya mchimwene wake amene anapita ku Joni ndipo amaimba foni mwakamodzikamodzi. Kuyambira pomwe anachokera, madalawo amavundukula tivi akaweruka kutchalitchi n'kumasewera okha, chitseko chili chotseka. Iyi inali padi yachiwiri, ndipo inali itafa kalekale. Ndinadabwa kuti munthu wodandaula za zidole zanga ali ndi chake.

Agogo ataiona sanachedwe kumasulira. Anati ndisapusitsike n'kumaganiza kuti nkhalamba ija ikufuna padi.

"Akufuna aone ngati manja akowo ali ndi ntchito ina kupatula kupisa m'thumba," anatero. "Awa ndi mayeso, iwe. Ukalephera usabwere kudzandilirira pano."

Ndinaitsegula madzulo omwewo dzuwa lisanalowe, pa mphasa, nditayala nsalu yoyera ngati ndikuchita opareshoni. M'kati munali mbiri yonse ya banjalo: utomoni wa fodya wa zaka zambiri, tiyi wouma, nyerere zomwe zinatsatira tiyiyo n'kufera momwemo, ndi mazira a mphemvu. Waya mmodzi anali ataduka pakhosi pa chingwe. Ndinadula, ndinasenda, ndinalumikiza ndi mtovu, ndipo ndinene mosadzichepetsa kuti sindinalumikizepo waya mokongola chotero. Kabolodi kobiriwira ndinakapukuta ndi sipiriti mpaka kanawala. Timphira ndi timabatani ndinatitsuka n'kutiika m'kapu. Kenako ndinatenga zigoba ziwiri za padiyo, chapamwamba ndi chapansi, n'kuzikwecha ndi mswachi wakale m'madzi ofunda a sopo waufa. Zinatuluka zoyera moti ndinazindikira kuti padiyo sinali yotuwa chibadwire.

Vuto linali mvula. Inali nthawi ya mvumbi, masiku omwe dzuwa limangomveka mbiri, zovala zikununkha chinyezi pa chingwe. Madzi anakhazikika m'timaenje ta masikuluwu ndi m'timakona momwe nsalu singafike, ndipo padi ukaitseka ili yonyowa umakhala waitana dzimbiri. Munthu wamba akanaika zigobazo pawindo n'kudikira, poti Lamlungu linali lidakali kutali. Koma ine sindinali munthu wamba. Ndinali injiniya amene akulemba mayeso, ndipo ndinkafuna kuti padi ibwerere kwawo tsiku lisanakwane, madala aja adzagwedeze mutu.

Pa pulazi ya fodya, nthawi yowotcha ikafika, balani ndiye dzuwa la aliyense. Pakhoma la ng'anjo pamakhala majombo onyowa, maovolosi, matewera a ana, ndipo pakamwa pa moto sipasowa chimanga chootcha. Tonse tinakula tikudziwa kuti chonyowa chimapita ku balani. Tonse tinakulanso tikudziwa kuti moto wa balani si umodzi. Masiku oyamba umakhala wofatsa, wongoti tsamba lisanduke lachikasu. Kenako umakwera kuti tsamba liume. Potsiriza umakhala wolusa, woumitsa msempha wa pakati pa tsamba, moti munthu akalowa amatuluka akuthamanga. N'chifukwa chake pa kawindo ka balani lililonse pamapachikika temometa, ndipo ngakhale mayi wodzayanika thewera amayamba waisuzumira.

Ine, amene ndinakula ndi kuyang'ana, sindinaiyang'ane. Ndinapita pa nthawi ya nkhomaliro. Wosonkhezera moto, mnzanga amene tinaphunzira limodzi, anali atapita kukatuta nkhuni. Ndinaona kuti pakhoma lakunja pakudontha, ndiye ndinatsegula chitseko, n'kusanjika zigoba zanga pa njerwa pafupi ndi paipi ya moto, n'kutseka msanga. Kutentha komwe kunandimenya kumaso ndinakumva, koma ndinangoti m'mtima: bwino kwambiri, ziuma msanga. Ndinabwerera ku shedi ndikuimba kamluzu.

Poweruka ndinakapeza mnzanga uja atazitulutsa ndi fosholo n'kuziika pa chitsa. Chigoba chapamwamba chinali chitapindikira m'mwamba ngati tsamba louma. Chapansi chinapotokera kwina, ngati chakwiya ndi chinzake. Mabowo a mabatani, omwe anali ozungulira, anali atatalika ngati maso a munthu wolira. Mnzangayo anandifunsa mwaulemu wonse kuti monga katswiri wosankha fodya, tsamba limeneli ndingaliike giredi yanji. Anaseka mpaka anakhala pansi pa nkhuni. Ndinamupempha kuti asauze munthu, ndipo analonjeza ndi nkhope yomwe inandiuza kuti wauza kale anthu a pa thirakitala.

Pamenepa ndikanaima. Koma maganizo anandiuza kuti chopindika ndi moto chingawongoke ndi moto. M'mawa mwake ndinaviika zigobazo m'madzi owira mpaka zinafewa, ndinazikulunga m'saka, n'kuthamanga nazo ku shedi komwe kuli jeke wodindira mabelo. Jeke ameneyu amapanikiza mulu wa fodya wofika m'chiuno mpaka usanduke belo lolimba ngati mwala. Ndinaika zigoba pakati pa matabwa awiri n'kuyamba kupukusa pang'onopang'ono, ndikudziuza kuti ndili ndi dzanja lofatsa. Ndinamva kaphokoso kakang'ono, ngati munthu waponda chigoba cha nkhono. Chapansi chinawongoka ndithu, kungoti chinali chitang'aluka kuyambira pakona mpaka pakati. Chapamwamba chitazizira chinabwerera mwakale, chopindika monga chinatulukira mu balani.

Ndili ndi thumba la mapadi akufa omwe ndimachotsako ziwalo. Ndinalikhuthula lonse. Panalibe chigoba ngakhale chimodzi cholowa kabolodi kaja, poti padi ya madala inali ya mtundu wina, yaitaliko, ya pulagi ya mano ambiri. Loweruka ndinakwera lole yonyamula mabelo kupita ku Karoi. Ndinayenda m'timashopu ta mafoni ndi mawailesi ndikuonetsa chigoba changa ngati munthu wofunafuna m'bale wosowa. Mnyamata wina anandifunsa ngati chinapsa ndi nyumba. Wina anaitana anzake, n'kuchijambula pa foni. Wachitatu, wamtima wabwino, anandilangiza kuti ndingowaikira sekuru amenewo gemu pa foni, nkhani ithe. Ndinabwerera pa lole yomweyo, nditakhala pa masaka opanda kanthu, mvula ikundiwaza.

Ndinachita zomwe zinatsala. Ndinakuza mabowo ndi nsonga ya mpeni kuti mabatani alowe, ndinakankhira kabolodi m'malo mwake, ndipo popeza masikuluwu sankakumananso ndi maenje ake, ndinamanga padi yonse ndi mphira ya chubu cha njinga, n'kuwonjezera ulusi womangira fodya pamalo ong'aluka. Inaoneka ngati mwendo wa mbuzi yothyoka. Kuiyesa sindikanatha, chifukwa pulagi yake sinkalowa pa gemu iliyonse yomwe inali pafupi. Ndinangodina mabatani ndi chala, ena n'kumveka bwino, limodzi n'kumveka ngati likuganiza kaye.

Ndinauza agogo maganizo anga: tikanene kuti padi inali yoferatu, yosatheka, ndipo ndikufufuza ina ku Harare. Anandiyang'ana uku akutsina fodya wawo, n'kundiuza kuti nkhani ya balani anaimva kale kuchigayo, kwa mayi wina amene anaimva kwa mkazi wa woyendetsa thirakitala. Anati chinthu chokhacho chomwe chatsala m'manja mwathu ndi kukafika nacho tokha. Lamlungu titaweruka kutchalitchi, sanavule chitenje chawo chatsopano. Anatenga mbale yawo yamaluwa, ija amatulutsira alendo okha, anaikamo padi, n'kuvundikira ndi kansalu koyera. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati maliro sanyamulira m'jumbo.

Tinadutsa komboni yonse choncho, agogo patsogolo ndi mbale, ine pambuyo. Sindinalandirepo moni wochuluka ngati tsiku limenelo. Amuna omwe anali pa bawo anaimitsa masewera. Wina anafuula kufunsa ngati injiniya angamuumitsireko wailesi yake, poti yanyowa.

Kunyumba kwa madala tinalandiridwa mwamwambo. Agogo anawapatsa mpando, ine ndinakhala pa kabenchi pafupi ndi chitseko, maso pansi. Tinaomba m'manja monga timachitira kuno potengera anzathu Achishona. Mayi a m'nyumbamo anabweretsa mahewu, ndipo mtsikana wanga sanaoneke, ngakhale ndinkamva mapoto akugundana mopitirira muyeso kukhitchini. Akuluakulu anakambirana za mvula, za mawondo awo, za mbusa watsopano amene amatalikitsa ulaliki. Zonsezi mbale ili pa miyendo ya agogo. Potsiriza anaikankhira pa tebulo n'kunena kuti mwana wawo wabweretsa ntchito yomwe anapatsidwa, ndipo iwo sanabwere kudzaikometsa.

Madala anavundukula kansalu. Anainyamula padi, anaitembenuza, anayesa mphira ija ndi chikhadabo. Kenako anaiyandikiza kumphuno n'kuinunkhiza.

"Balani liti?" anafunsa.

Ndinawauza kuti lakumapeto, loyandikana ndi thanki.

"Lomwe linali pa moto womaliza sabata ino."

"Eya, bambo."

"Temometa simunaione?"

"Sindinayang'ane, bambo."

Madala anaibwezera padi m'mbale. Kenako anatembenukira kwa agogo n'kuwauza kuti pa zaka zawo zonse za ukapitawo anagwirapo anthu akuumitsa nsapato m'balani, nsomba, ngakhale chikopa cha ng'oma ya gule chomwe eni ake analumbira kuti ndi chikopa wamba, koma ichi chokha anali asanachione. Chomwe chinawapweteka kwambiri, monga ndinaonera, sichinali padi ayi. Chinali choti ndinatsegula chitseko cha balani la pa moto womaliza n'kulowetsa mphepo. Anandifunsa kuti chinakhala chotsegula nthawi yaitali bwanji, ndipo nditati pang'ono chabe, anapuma ngati munthu amene wamva kuti wodwala ali moyo.

Ndinkaganiza kuti tsopano atiperekeza. M'malo mwake anadzuka, anachotsa nsalu yoluka pa tivi yawo yakale ya chinunda kumbuyo, analumikiza mawaya ku batire ya sola, n'kulowetsa kaseti. Anatenga padi yawo yabwino, n'kulumikizanso yanga yopindika.

"Bwerani kuno, mnyamata. Tione ngati ili moyo."

Zingwe za mapadi akalewa n'zazifupi. Kuti ndigwire padi ndinayenera kukhala pa sofa, pambali pawo penipeni, bondo langa likukhudza bondo lawo. Munthu amene akufunsira mwana wa eni sakhala chonchi ndi bambo a mkazi. Ndinayesa kugwada pansi, koma anati ndikutchinga tivi. Ndinakhala m'mphepete mwenimweni mwa sofa, thukuta likutsika kumsana, mayi a m'nyumba ataima kumbuyo kwathu, agogo akusuntha mpando wawo kuti aone bwino.

Gemu yake inali ya akasinja. Pansi pa tivi pamakhala kanyumba ka njerwa, ndipo osewera awiri amakateteza kwa akasinja a adani omwe amatsika kuchokera kumwamba. Kanyumbako kakaphulika, nonse mwaluza. Gemu itayamba, kasinja wanga anaonekera pambali pa kanyumba, ndipo mtima wanga unadumpha poona kuti ndikadina kumanzere akupita kumanzere. Waya wanga uja anagwira. Koma kasinjayo ankawombera yekha. Sindinakhudze batani, koma zipolopolo zinkangotuluka motsatizana, chifukwa chigoba chopindika chinali chitalipanikiza batanilo kosalekeza. Ndinachita mantha, ndinayesa kulizula ndi chikhadabo, chala china chinatsetsereka, kasinja anatembenukira ku kanyumba kathu. Anaboola njerwa, n'kukaphulitsa. Adani anali asanafike ngakhale pakati pa njira.



"Zatha?" anafunsa agogo. "Wapambana ndani?"

Mayi a m'nyumba anatuluka mofulumira atagwira pakamwa, ndipo kukhitchini kunamveka kuseka kwa anthu awiri. Ndinaika padi pansi n'kuyamba mawu opepesa omwe ndinawakonza pa lole ija. Ndinali nditangofika pa chiganizo chachiwiri pomwe madala anadina batani loyambitsanso.

"Nyamulani. Musatembenukire kunyumba."

Ndinatembenukirako. Ulendo wotsatira ndinawawombera iwo kumsana, kasinja wawo anauma malo amodzi, adani n'kumumaliza. Madala opemphera aja anatulutsa mawu ena Achishona omwe sindingawalembe pano, kenako anatsokomola n'kuyang'ana kwa agogo, omwe ananamizira kusamva. Tinayambanso. Tinayambanso kachikena. Nthawi iliyonse ndinkadikira kuti andilande padi, koma iwo ankangoti ndisunthire uko, ndiime apo, ndisagwedezeke.

Pang'onopang'ono tinapeza njira. Anandiimika pa mpata wa kumanzere, kasinja wanga atayang'ana kumwamba, n'kundiuza kuti ndisachite china chilichonse. Ndinamvera. Kasinja wanga anangokhala pamenepo akulavula zipolopolo ngati mpope womwe wina waiwala kutseka, ndipo mdani aliyense wotsikira mbali imeneyo ankafa. Luso langa lonse linali losakhudza kanthu. Iwo, poti tsopano mbali imodzi inali ndi mlonda, anayamba kuyendayenda momasuka, akusaka adani m'makona, mapewa akugwedezeka, lilime lili panja ngati mwana. Tinawoloka gawo limenelo, ndi lotsatira, ndi linanso. Mahewu anga anafunda pa kabenchi. Agogo anawodzera.

Tinafika pa gawo lina la madzi ndi nkhalango, ndipo madala anaimitsa gemu n'kuyang'ana tivi kwa kanthawi. Ananena motsitsa, osati kwenikweni kwa ine, kuti malo ano anawaona komaliza mwana wawo asanapite ku Joni, ndipo munthu mmodzi sangafike kuno chifukwa ukathamangira kumanja, kumanzere kumalowa adani. Apo m'pomwe ndinadziwa kuti agogo, omwe salakwa kawirikawiri, ulendo uno anaphonya. Panalibe mayeso. Nkhalambayo inkafunadi padi, ndi munthu woigwira.

Kunja kunali mitambo sabata yonse, choncho batire inalibe mphamvu zambiri. Chithunzi chinayamba kuchepa m'mbali, kenako tivi inazima yokha tili pakati pa nkhalango ija. Madala anausa moyo, anakulunga chingwe cha padi yawo mosamala, n'kudzutsa agogo powaitana ndi ulemu.

"Amayi, kawauzeni akulu aja abwere Loweruka. Tidzakhale pansi."

Agogo anaomba m'manja mwakachetechete ngati ankadziwa kale, ngakhale anali atangodzuka kumene. Ine chimwemwe chinandimasula pakamwa pa nthawi yolakwika. Ndinalonjeza kuti ndipita ku Harare, ndikapeza chigoba chatsopano, ndikonza batanilo kuti lizigwira ntchito monga mwa malamulo ake. Madala anatenga padi m'manja mwanga, anaiika m'kabati pamwamba pa mbale za alendo, n'kutseka.

"Musadzaikhudze," anatero. "Inu muzingobwera mukaweruka kutchalitchi."

Ankhoswe anakumana, zokambirana zinayenda monga zimayendera, ndipo funso loti kuchimuna kuli ndani silinavutenso. Madalawo anangoti mnyamatayo amapezeka Lamlungu lililonse, akalakwa adzamufunsa okha pa sofa. Tinakwatirana fodya atatha kugulitsidwa. Agogo tikukhala nawo, ndipo amauza aliyense kuti ukwatiwu anaukonza ndi iwo.

Ndimapitabe Lamlungu lililonse. Mphira ya chubu ija imatha, ndipo apongozi amaisintha okha, ine ndikuonerera, osaloledwa ngakhale kugwira mfundo. Mwezi wathawu, tili pakati pa gemu, ndinamva kaphokoso pansi pa chala changa, ndipo kasinja wanga anasiya kuwombera. Batani lija linali litamasuka lokha patapita zaka zonsezi. Padi inali itachira. Ndinayang'ana apongozi, maso awo anali pa adani a kumanja. Ndinadina batanilo msangamsanga ndi chala chachikulu, mobisa, padi nditaitsamiritsa kuseri kwa bondo, ndipo ndinadina choncho masana onse. Pofika kunyumba chala chinali chitatupa, ndipo mkazi wanga atafunsa ndinamuuza kuti ndinadzimenya ndi hamala.